Ndodo ya alamu imene sinamenyepo bola

Sondo yatha m'mawa, ine na alamu anga tinakwela minibasi titanyamula kabokosi kakuda, katali koma kopyapyala, kokhala na maloko awili a mkuwa. Alamu anakana kukaika pansi pa mpando. Anakana kukapatsa kondakitala. Anakafukata pa cifuwa monga mwana wodwala, cakuti amai amene anakhala pafupi nao anayamba kufendela ku windo. Potsilizila pake anafunsa: “Ba tate, ni mfuti iyi?”

Alamu anayankha monyada kuti ni ndodo ya pool. Basi yonse inaseka. Mnyamata wina kumbuyo anati, “Stiki cabe? Nanga mwaisungila monga ni title deed?”

Sanalakwitse kwambili. Kwa alamu anga, ndodo ija ni cuma. Anaigula zaka zambili zapitazo pamene anali kuseweza ku Johannesburg, kwa mzungu wina wokalamba amene anali kugulitsa katundu wake, ndipo ndalama imene anapeleka sanaiululepo kwa mlongo wanga mpaka lelo. Kucokela tsiku limene inafika mu Lusaka, ndodoyo sinakhudzepo bola. Imatuluka m'kabokosi pakabwela alendo. Alamu amailumikiza pakati, amaizungulutsa pang'ono-pang'ono kuti muone mizele yakuda yosongoka monga mikondo na tumaso toyela tonyezimila, kenaka amaipukuta na kansalu n'kuibweza. Mukatambasula dzanja kuti muigwile, amayamba afunsa ngati mwasamba.

Vuto inabuka mwezi watha. Mwana wa mlongo wao ni kondakitala, ndipo pa thebulo ya pa babashopu ya kwathu palibe womucotsa. Mudziwa lamulo: wopambana akhala, wogonja agula tokeni. Mnyamata uyu amatha kuimilila pa thebulo kucokela pamene basi yapaka mpaka magetsi atapita, osatulutsa olo ngwee. Manje pa bawa ina yaikulu akonza mpikisano wa ndalama, ndipo iye akuti akapambana, ndalamayo idzamuthandiza kutenga laisensi kuti acoke pa citseko akhale pa steling'i. Anapita kwa amalume ake, cisote m'manja.

“Amalume, nibwelekeniko stiki yanu ya pa Ciwelu cabe. Nizaibweza bwino-bwino.”

“Iwe mwana, ija si yoseweletsa.”

“Nanga ni yacani, amalume?”

Funso imeneyo inawakwiyitsa alamu kwa masiku atatu. Ine n'naitenga n'kupita nayo kunyumba, cifukwa si yacibwana. Kumaiko kumene ndodo izi zimapangidwa, amuna akulu-akulu akhala akukangana pa funso imodzimodziyo kwa zaka zambili.

Tiyambe na stiki imene tonse tiidziwa, ya pa thebulo ya mu komboni. Imakhala yotsamila ku cipupa usana na usiku. Kumutu kwake kacikumba kanatha kale, nthawi zina kanagwa, ndipo anthu amamenya na pulasitiki. Ukaigubuduza pa thebulo imavina monga tayala ya basi imene yagunda pothole. Coko ikasowa, anyamata amakweza ndodo n'kuipukuta ku njelwa kapena ku laimu ya pa cipupa. Yaonapo ndeu zingapo. Koma ndiyo yaphunzitsa aliyense amene adziwa kumenya mu tauni muno, ndipo ena a iwo amadziwa mbali imene yapindikila, cakuti amaitembenuza kaye asanawelame.

Kumbali inayi kuli ndodo zimene mtengo wake upambana minibasi ya salaula. Dzina lalikulu pa zonse ni George Balabushka. Anabadwila ku Russia mu 1912, anasamukila ku America ali mwana, ndipo anali mmisili wa matabwa ku New York, wopanga zidole na mipando ya ana. Makina oceka anamudula cala cimodzi, iye n'kudzipangila cina ca pulasitiki. Anayamba kupanga ndodo za pool mu 1959 ku Brooklyn, ndipo pofika mu 1975 pamene anamwalila anali atapanga ndodo pafupi-fupi 1,200 cabe. Akatswili a nthawi imeneyo anali kuzigula kuti azisewela nazo, ndipo anasewela nazo zoona, m'manyumba odzala utsi wa fodya, pa ndalama zobechelana. Lelo Balabushka yeniyeni imagulidwa na madola masauzande ambili, ndipo zambili zili m'makabati a magalasi a anthu olemela.

Cimene cinakweza mtengo kwambili ni filimu. Mu 1986 kunatuluka The Color of Money ya Martin Scorsese, mmene Paul Newman amapatsa Tom Cruise ndodo n'kumuuza kuti ni Balabushka. Anthu amene anali asanamvepo dzinalo anayamba kuifuna-funa. Coseketsa n'cakuti ndodo imene inaoneka mu filimuyo siinali Balabushka olo pang'ono. Inali ya kampani ina, Joss, yopangidwa mofanana nayo. Conco ndodo yochuka kwambili pa dziko inachukila pa cithunzi ca ndodo ina. Amene munagulapo foni pa Katondo Street mudziwa mmene zimenezi zimacitikila.

Palinso maina ena amene osonkhanitsa amachula motsitsa mau: Gus Szamboti wa ku Pennsylvania, Herman Rambow wa ku Chicago. Ku Las Vegas kuli kashopu kochedwa South West kumene munthu amalembetsa dzina n'kuyembekezela zaka zopitilila 10 kuti ndodo yake ipangidwe. Ena ikangofika amaigulitsa pa mtengo wokwela osaicotsa m'pepala. Ni malonda, monga amene amagula puloti ku Chalala osati kuti amangepo koma kuti adikile mtengo ukwele.

Nanga ndalama yonseyi imapita pati pa ndodo? Apa m'pamene nkhani imakoma. Ndodo yabwino imakhala ya zigawo ziwili zolumikizana na sikuluu pakati. Cigawo cakumbuyo, cimene dzanja imagwila, ndico cimanyamula ulemelelo wonse: mitengo yodula yolowetsana mwaluso, siliva, zigoba za m'nyanja zonyezimila, ulusi wa linen wokulungidwa pogwilila. Mmisili amatha miyezi pa cigawo cimeneci, ndipo mtengo amayamba wauumitsa kwa zaka, kuusema pang'ono, kuusiya upume, kuusemanso, kuti usadzapindike. Ni nchito yamanja yoyenela ulemu. Koma bola siiona zonsezi. Bola imakumana na kacikumba ka kumutu, kakang'ono kuposa ndalama ya 50 ngwee, ndipo zimakhudzana kwa kanthawi kosakwana kuphethila kwa diso, pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Pamene kunjenjemela kwa kumenyako kufika ku siliva wa kumbuyo, bola yoyela inapita kale.

Zimene zimasintha maseweledwe ni zocepa ndipo n'zosanyezimila. Kacikumba kakhale kozungulila bwino, kogwila coko, kosaphwanyalala m'mbali monga bowa. Cigawo cakutsogolo cikhale coongoka ndiponso cosalala kuti ciziyenda bwino pa zala. Kulemela kukhale kumene dzanja yako inazolowela. Zambili zimalemela pakati pa magalamu 500 na 600, ndipo kutalika kwake kumakhala pafupi na masentimita 147. Cina cimene osewela ambili a mu komboni amacidziwa na manja koma osati na mau ni ici: ukamenya bola yoyela cakumbali kuti izungulile, siiyenda ndendende kumene ndodo yaloza, imapatukako pang'ono. Kupatuka kumeneko kumadalila kulemela kwa kumutu kwa ndodo, masentimita 15 kapena 20 otsilizila. Kumutu kukapepuka, bola imapatuka pang'ono cabe. Ndiye cifukwa cake akatswili ambili a pool ya ku America masiku ano asiya mtengo kutsogolo n'kutenga carbon fibre, yakuda bii, imene kampani ya Predator inachukitsa kuyambila mu 2016. Siikongola. Ioneka monga paipi ya madzi. Koma siipindika na cinyezi, ndipo imamenya mofanana lelo na mawa.

Conco munthu akafuna kupambana, Balabushka si imene angathamangile. Nikumbuka nkhani ya Stephen Hendry wa ku Scotland, amene anatenga cikho ca dziko lonse ca snooker ka 7 m'zaka za m'ma 1990. Zikho zonsezo anazitenga na ndodo imodzi yochipa ya £40 imene anali nayo kucokela ali mnyamata. Mu 1990 ndodoyo inabedwa, ndipo panaikidwa mphoto ya £10,000 kwa amene angaibweze. Inabwela. Ganizilani: ndodo ya £40, mphoto ya £10,000. Mtengo wake sunali m'thabwa, unali m'zaka zimene dzanja na ndodo zinakhala pamodzi. Mu 2003 inathyoka m'manja mwa onyamula katundu wa ndeke pamene anali kucokela ku Thailand, ndipo okonda snooker anaidandaula monga malilo. Efren Reyes wa ku Philippines, amene ambili amati ndiye katswili woposa onse pa pool, anakulila m'nyumba ya pool ya amalume ake ku Manila, kugona pa thebulo usiku. Anagonjetsa akatswili a ku America kwa zaka zambili na ndodo yochipa yopangidwa kwao, ndipo mu 1999 anatenga cikho ca dziko lonse ca nine-ball ku Cardiff.

N'tawafotokozela alamu zimenezi, anangoti, “Ndiye kuti mwana uja safunikila yanga. Apitilize na ya pa babashopu.” N'naona kuti nadziwombela ndekha pa phazi.

Koma tisawaweluze msanga alamu na anzao osunga ndodo. Mantha ao ali na maziko. Ndodo ya osonkhanitsa imagulidwa na maso, ndipo ogula amafuna kuti zonse zikhale mmene mmisili anazisiyila. Kusintha kacikumba palibe mlandu. Koma ukapala cigawo cakutsogolo na sandpaper kuti cicepe, ukacotsa ulusi wakale, ukapaka vanishi yatsopano, mtengo umatsika, olo kuti ndodoyo ioneke bwino kuposa kale. Kamodzi cabe kugwa pa simenti, kang'alu kamalowa m'zokongoletsa. Manje ganizilani bawa ya mu Lusaka pa Ciwelu ca kumapeto kwa mwezi. Pali amene amagogoda ndodo m'mbali mwa thebulo akaphonya. Pali amene amaitenga osapempha cifukwa aganiza ni ya nyumba. Pali mowa wotayika, pali woledzela amene afuna kuonetsa mmene amabrekela, ndipo pali uja amene amatuluka kukayankha foni n'kusabwelanso. Ine cimene n'nagula na thukuta la zaka za ku Joni siningacitumize kumeneko mosaganiza kawili.

Palinso cina cimene alamu sakamba koma cionekela. Anabwelako ku South Africa alibe zambili. Nyumba ni ya lendi, motoka inagulitsidwa kale. Kabokosi kaja ndiko umboni wakuti nthawi ina anali munthu wokwanitsa kulowa m'nyumba ya mzungu, kuloza cinthu cokongola cosafunikila kwenikweni, n'kucilipila. Amakambanso kuti zinthu zikadzavuta, ndodoyo idzalipila sukulu ya mwana wao wotsiliza. Ena amasunga ng'ombe kumudzi, iwo asunga stiki kuseli kwa wadilopu.

Apa ndiye pamene ine nimatsutsana nao. Ng'ombe ili na msika. Mungaigulitse mawa m'mawa. Ndodo ya pool yodula, mu Lusaka muno mudzaigulitsa kwa ndani? Ogula zinthu zotele ali ku America, ku Japan, ku Taiwan, ndipo asanatulutse ndalama amafuna kudziwa amene anaipanga, caka cake, na pepala ya katswili wotsimikizila. Ndodo zambili za Balabushka zilibe olo siginecha, ndiye cifukwa cake zabodza n'zambili. Ya alamu ilibe pepala iliyonse, koma mau a mzungu uja, amene mwina anamwalila kale. Mukapita nayo kwa a kaloba monga cikole, adzakupatsani ndalama yocepa kuposa ya TV yakale.

Ndiye pali tumaso toyela tuja. Alamu amanyadila kuti ni minyanga ya njovu. Ngati n'zoona, ndiye kuti vuto yakula. Masewela awa ali na ngongole yaikulu kwa njovu za mu Africa. Kale mabola enieniwo anali kusemedwa ku minyanga, mpaka m'zaka za m'ma 1860 kampani ina ya ku New York inalonjeza $10,000 kwa amene angapeze coloweza m'malo, ndipo kufuna-funa kumeneko n'kumene kunathandiza John Wesley Hyatt kupanga celluloid, imodzi mwa mapulasitiki oyambilila. Mabola anasintha, koma amisili a ndodo anapitiliza kuika minyanga m'zokongoletsa. Ise a ku Zambia tidziwa mmene njovu za m'cigwa ca Luangwa zinathela m'zaka za m'ma 1970 na 1980. Mu 1989 pangano ya CITES inaletsa malonda a minyanga pakati pa maiko, ndipo mu 2016 America inakhwimitsa malamulo ake kwambili. Caka comweco mmisili wina wochuka wa ndodo ku California anavomela mlandu m'khoti pa nkhani yothandiza kutulutsa m'dziko ndodo zokhala na minyanga. Olo mtengo wa phingo, wakuda uja umene umamela m'madela athu ano ndipo amisili amaukonda, unalowa pa mndandanda wa CITES mu 2017. Conco cimene alamu aganiza kuti cimakweza mtengo ndico cingalepheletse ndodoyo kudutsa pa eyapoti. Cuma cimene simungacigulitse kuno ndipo simungacitumize kunja, nivutika kucicha cuma.

N'nawauzanso za mtengo na nyengo. Thabwa imapuma. Mu October, pansi pa malata, imauma n'kukhwinyata. Mvula ikayamba mu November imamwa cinyezi n'kufufuma. Ndodo imene yaimilila motsamila kwa zaka, olo ili m'kabokosi, ingapindike popanda munthu kuigwila. Kusasewela nayo sikuiteteza. Apa alamu anakhala cete. N'naona kuti mau awa alowa kuposa nkhani zonse za Hendry.

Ndiye cifukwa cake tinali mu basi ija pa Sondo m'mawa. Alamu anavomela kuti tikaigubuduze pa thebulo yabwino, pa kalabu ina kumene mnzanga amaseweza, nthawi imene anthu ali ku chalichi ndipo mulibe woledzela. Mnyamata tinamupeza atafika kale, atavala shati yoyela monga apita ku intavyu.

Alamu anatsegula maloko, analumikiza, anaika ndodo pa nsalu n'kuikankha na zala ziwili. Tonse atatu tinawelama kuyang'ana kumutu. Inagubuduzika, ndipo pa kuzungulila kulikonse kumutu kunali kunyamukako pang'ono, kampata kakuti mungalowetsepo khadi ya foni. Si kupindika kwakukulu. Ya pa babashopu ingaseke. Koma alamu anakuona. Anaigubuduzanso kawili, mwina poganiza kuti thebulo ndiyo yolakwa. Kenaka anaimilila, anapukuta manja ku thalauzi, n'kunena osayang'ana munthu: “Tenga. Menya tione.”

Mnyamata anaipaka coko mosamala monga adzoza khanda mafuta. Anapanga mabola, anabreka mofatsa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndodo ija inalila. Kulila kwake n'kosiyana, nivomeleze: kouma, kolimba, kopanda kunjenjemela kwa stiki ya nyumba. Alamu anatseka maso.

Koma mnyamata anaphonya. Anaphonya bola imene pa babashopu amaipotinga akuyankha foni. Anayesanso kukoka yoyela kuti ibwelele kumbuyo, inangoima. Gemu yaciwili inali cimodzimodzi. Cifukwa cake sicinali covuta kupeza. Ndodo ya alamu ni ya pool ya ku America, ya mtengo wa maple, yokhala na mutu wa mamilimita 13, yopangidwila mabola akulu a mamilimita 57 na mathebulo akulu. Mathebulo athu ambili a tokeni ni a mtundu wa ku England: mabola ang'ono a mamilimita 51, ndipo yoyela imacepelako kuposa anzake kuti ikagwa m'dzenje izitulukila ku khomo yake-yake. Pa mabola otele osewela amakonda ndodo yopyapyala, kawili-kawili ya mtengo wa ash, ya mutu wa mamilimita 8 kapena 9. Na mutu waukulu uja mnyamata sanali kuona bwino pamene amenya. Cinali monga kulemba risiti na bulasho yopentela nyumba.

Anaipukuta na shati yake, anaigwila na manja awili n'kuibweza.

“Zikomo amalume. Ni yabwino maningi, koma siinimvela.”

Alamu sanadziwe ngati akwiye kapena akondwele. Zaka zonsezi anali kuteteza ndodo kwa anthu ofuna kuiseweletsa, ndipo woyamba kuigwila waibweza yekha. Anafunsa mwaukali kuti nanga afuna ciani. Mnyamata anati pali shopu ina ku Kamwala kumene anaona ndodo wamba ya zigawo ziwili, yopanda cokongoletsa ciliconse, ndipo akaiikila kacikumba kabwino na kuizolowela kwa mlungu umodzi, ingakwane. Anachula mtengo. Alamu anadandaula kuti ana a masiku ano saopa ndalama, anadandaulanso za mtengo wa unga na malaiti, kenaka anatulutsa foni n'kumutumizila.

Pobwelela, basi inali yodzala na anthu ocoka ku mapemphelo, ndipo kabokosi kanakhalanso pa cifuwa. Mlongo wanga akuti manje kamagona cogona pamwamba pa wadilopu, kutali na cipupa ca dzuwa, ndipo alamu afunsa mwana wao kuti afufuze pa intaneti mmene munthu angadziwile ngati tumaso toyela ni minyanga kapena pulasitiki. Akutinso dzulo anawapeza atatsegula kabokosi okha-okha, kulibe mlendo. Coko ya buluu ikali pa kacikumba, sanaipukute.

Mpikisano uli pa Ciwelu cikubwelaci, 14 koloko. Mnyamata wapempha dilaiva wake kuti amumasule masana, ndipo alamu akuti adzapita kukaonelela, koma ndodo idzatsala kunyumba.